Kudzutsa lole yakale ya asilikali: nkhani yagona pa masipeya

Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu motsatizana m'mapiri a ku Thyolo, anthu a kwa Mfumu Yaikulu Makhuwira m'boma la Chikwawa amadziwiratu chimene chikubwera. Mitsinje monga Mwamphanzi, Livunzu ndi Nkhate, imene m'chilimwe imaoneka yofatsa, imatsika ndi mchenga, miyala ndi zipika, n'kudula msewu wochokera pa Thabwa kudzera ku Masenjere mpaka ku Fatima m'boma la Nsanje. Zidachitika ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, zidabwerezanso ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndipo zidafika poipitsitsa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Msewu ukaduka, maminibasi ndi mapikapu amabwerera panjira. Matumba a mpunga wa kusikimu ya Nkhate amakhala m'nyumba kudikira ogula amene sangafike, mitengo ya mchere, sopo ndi shuga imakwera, ndipo wodwala wofunika kuchipatala chachikulu cha boma amanyamulidwa panjinga kapena pamachira. M'nyengo zotere m'pamene wamalonda, gulu la alimi kapena mpingo umayamba kulingalira za galimoto imene idapangidwira msewu woipa: lole ya asilikali, yotalika miyendo, yokoka ndi magudumu onse.

Lole yatsopano ya mtundu umenewu ndi ochepa amene angaikwanitse. Yakale, imene idatha ntchito yake zaka zambiri zapitazo n'kugona pabwalo la galaja, imagulitsidwa pamtengo wokopa, nthawi zina wongoposa pang'ono mtengo wa zitsulo zake. Kuidzutsa kuti igwirenso ntchito n'kotheka, ndipo anthu amachita zimenezi m'mayiko ambiri. Koma chimene chimagamula mlanduwu si maonekedwe a bodi kapena kulira kwa injini patsiku logula. Ndi masipeya: akupezeka kuti, pa ndalama zingati, ndipo kodi chaka chamawa adzapezekabe?

Chimene chimaisiyanitsa ndi lole wamba

Lole wamba imakankhidwa ndi magudumu akumbuyo okha. Ya asilikali ili ndi bokosi lachiwiri la magiya, limene amakaniko amalitcha transfer box, ndipo ntchito yake ndi kugawa mphamvu ya injini kuti ifike kumagudumu akutsogolo ndi akumbuyo omwe. Bokosi lomweli lili ndi giya yotsika imene imachepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu, mwakuti lole imakwawa pang'onopang'ono mumchenga kapena m'matope m'malo mozungulitsa matayala pamalo amodzi.

Mimba yake ndi yokwezeka, choncho siigunda miyala ndi zitsa. Kumbuyo ili ndi tayala limodzi lalikulu mbali iliyonse, osati awiriawiri, kuti matayala akumbuyo azingotsata kanjira kamene akutsogolo aponda kale. Ndiponso malole a zaka za m'ma 1950 mpaka 1980 alibe kompyuta yoyendetsa injini: makaniko wodziwa ntchito, wokhala ndi masipanala oyenera, angathe kupeza vuto ndi maso ndi makutu ake.

Ubwino umenewu uli ndi mtengo wake. Malolewa ndi ochedwa, ambiri sapitirira makilomita 80 pa ola ngakhale pamsewu wa phula. Amamwa mafuta kwambiri. Ngakhale amaoneka aakulu, ambiri adapangidwa kuti azinyamula matani atatu kapena anayi okha, kutanthauza matumba 60 mpaka 80 a makilogalamu 50. Pamsewu wabwino wa Blantyre kupita ku Lilongwe, lole wamba imaiposa pa chilichonse. Phindu lake limaonekera kumene galimoto zina zalephera.

Bedford ndi anzake

Dzina limene achikulire ambiri m'Malawi muno amalikumbuka ndi Bedford. Malole a dzinali ankapangidwa ku Luton ndi ku Dunstable m'dziko la Britain ndi kampani ya Vauxhall, imene idali pansi pa General Motors, kuyambira m'chaka cha 1931. Mtundu wa RL, umene udayamba kupangidwa m'chaka cha 1953, ndiwo udali lole yodalirika ya gulu lankhondo la Britain kwa zaka pafupifupi 20. Idali ndi injini ya petulo ya masilinda 6, ya malita 4.9, ndipo malole oposa 70,000 a mtunduwu adapangidwa. Adafalikira m'mayiko ambiri amene adali pansi pa ulamuliro wa Britain, kuphatikizapo m'chigawo chino cha Africa, ndipo asilikali a ku South Africa ndi a ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, adawagwiritsa ntchito kwambiri.

Cha m'ma 1970 kudabwera mtundu wa MK, kenako MJ kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Awa adali ndi injini ya malita 5.4 yoyendera dizilo, magetsi a mavoti 24, ndipo ankanyamula matani anayi. Mutu wake udatengedwa ku lole wamba yotchedwa TK. Gulu lankhondo la Britain litayamba kuwasiya n'kutenga malole a Leyland DAF, kenako a MAN, ambiri adagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo ena adafika ku Africa kudzanyamula alendo okaona malo, matabwa ndi katundu wa chithandizo.

Chifukwa chimene masipeya ake akuvutira chili m'mbiri yomweyi. General Motors idasiya kupanga malole a Bedford m'chaka cha 1986. Fakitale ya ku Dunstable idagulidwa m'chaka cha 1987 ndi kampani ya AWD, imene nayonso idagwa m'chaka cha 1992, ndipo zotsala zake zidapita ku kampani ya Marshall ya ku Cambridge. Mwachidule, palibenso fakitale imene ikutulutsa malolewa, ndipo palibe sitolo ya mwini dzina imene munthu angapiteko ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Pali mitundu inanso imene imapezeka m'mayiko oyandikana nafe. Dziko la South Africa lidapanga malole akeake otchedwa SAMIL 20, SAMIL 50 ndi SAMIL 100, potengera luso la kampani ya ku Germany ya Magirus-Deutz, ndipo ambiri ali ndi injini yozizira ndi mphepo, yopanda radiator. Ku Mozambique, dziko lochita malire ndi Chikwawa ndi Nsanje, kudafika malole a IFA W50 ochokera ku East Germany, amene kupangidwa kwake kudatha m'chaka cha 1990, komanso ena a ku Soviet Union. Mtundu uliwonse uli ndi njira yakeyake ya masipeya. Wogula asanakopeke ndi lole ili yonse, ayenera kudziwa kuti njira imeneyo ikuthera kuti.

Mapepala poyamba

Ntchito yoyamba siichitikira m'galaja. Galimoto imene idali ya asilikali kapena ya boma imachoka m'manja mwa boma kudzera m'ndondomeko yogulitsira katundu wotha ntchito, ndipo wogula woyamba amalandira kalata zotsimikizira zimenezi. Lole ikadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, kalatazo zimasowa. Ngati idachokera kunja, pamafunikanso umboni woti idalowa m'dziko movomerezeka ndipo msonkho wake udaperekedwa ku Malawi Revenue Authority.

Wogula ayenera kupeza nambala ya chassis ndi ya injini, zimene zimadindidwa pachitsulo penipeni komanso pakachitsulo kakang'ono kokhomedwa m'mutu mwa lole, n'kuziyerekeza ndi zimene zalembedwa mu blue book. Nambala zikasiyana, kapena zikaoneka kuti zidapalidwa, nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic siingalembetse galimotoyo m'dzina la mwini watsopano, ndipo popanda kulembetsa palibe inshuwalansi kapena chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Munthu angathe kuthera ndalama zake zonse pa lole imene siingadutse ngakhale pa rodibuloko ya pa Thabwa.

Kachitsulo ka nambala kaja kali ndi ntchito inanso. Ndiko kamene kamanena mtundu weniweni wa lole ndi nthawi imene idapangidwa, ndipo wogulitsa masipeya wa kunja adzafunsa zimenezi asanatumize kanthu.

Msana wa lole

Mapepala akakhala bwino, maso apite pansi pa lole. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: utoto watsopano ungabise dzimbiri limene ladya chassis, zitsulo ziwiri zazitali zimene zimasenza injini, mutu ndi bodi. Malo oyenera kugogoda ndi hamala ndi pamene masipuling'i amagwirira, pamene zitsulo zopingasa zimalumikizana ndi zazitali, ndi pansi pa mabatire pamene asidi amadonthera. Chitsulo chabwino chimalira mwakuthwa. Chodyeka chimalira mogontha ndipo chimathothoka ngati makungwa.

Mutu wa lole wobooka pansi si vuto lalikulu, chifukwa owotcherera a ku Ndirande, ku Limbe ngakhale ku Nchalo amadula chitsulo chatsopano n'kuikapo. Bodi ya matabwa nayo mmisiri aliyense wa matabwa angaikonze. Koma chassis yothyoka kapena yopindika, transfer box yosweka, ndi diff yakutsogolo yowonongeka ndi nkhani ina. Izi ndizo zipangizo zimene zimapezeka pa lole ya asilikali yokha, sizigwirizana ndi za lole wamba, ndipo ndi zolemera kwambiri moti kuziitanitsa kunja kungadye ndalama zoposa mtengo wa lole yonse. Zikakhala zowonongeka, lole imeneyo ndi yongochotsako masipeya, osati yodzutsa.

Njira zinayi za masipeya

Njira yoyamba, imenenso ndi yotsika mtengo, ndi kudziwa zipangizo zimene lole ya asilikali imagawana ndi galimoto wamba. Makampani sankapanga chilichonse mwatsopano. Injini ya dizilo ya malita 5.4 ya m'malole a MK ndi ya banja limodzi ndi imene idali m'malole wamba a Bedford ndi m'mabasi ena, ndipo zitseko, magalasi ndi zina za mutu wake zimafanana ndi za TK. Malole wamba a Bedford a mtundu wa J, amphuno yaitali, adayenda kwambiri m'misewu ya dziko lino, ndipo adapangidwanso ku India ndi ku Pakistan, kumene ena akuyendabe. N'chifukwa chake mapisitoni, magasiketi ndi zina za m'injini za Bedford zimapezeka mosavuta kusiyana ndi zipangizo za kumagudumu akutsogolo.

Zipangizo zina sizidalira dzina la galimoto n'komwe. Ma bearing, ma oil seal, malamba a fani ndi mapaipi a raba zimagulitsidwa potsata muyeso. Bearing iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mphepete mwake, ndipo nambala imeneyo ndi yofanana kaya ili mu lole, mu thirakitala kapena m'chigayo. Amene wapita kusitolo ku Limbe kapena ku Biwi mumzinda wa Lilongwe n'kunena kuti akufuna bearing ya lole ya asilikali adzabwerera chimanjamanja. Amene wapita ndi chakalecho m'manja, kapena ndi nambala yake, kawirikawiri amachipeza.

Njira yachiwiri ndi lole ina yakufa ya mtundu womwewo. Odzutsa galimoto zakale ambiri amagula ziwiri, imodzi yoyendetsa, ina yochotsako zipangizo. Chipangizo chochokera ku lole yotere chimalowa popanda kusema kapena kuwotcherera, koma nacho chidatha pogwira ntchito, choncho chiyenera kuyezedwa chisanamangidwe.

Njira yachitatu ndi kupanga kapena kukonzanso konkuno. Malo okonzera zitsulo amene ali ndi makina osemera otchedwa lathe amapanga mabushi, mapini ndi mabawuti a muyeso uliwonse. Radiator yakale imaikidwa m'kati mwatsopano, sitata ndi alternator zimakulungidwanso mawaya, masipuling'i otopa amapindidwanso, ndipo pampu ya dizilo ndi manozo zimayezedwa pamakina a akatswiri ake. Chofunika kukumbukira n'chakuti malole akale a ku Britain adamangidwa ndi muyeso wa mainchesi, osati wa mamilimita umene uli pa galimoto za ku Japan zimene zadzaza m'misewu lero. Bawuti ya mamilimita imatha kulowa mizere iwiri kapena itatu m'bowo la mainchesi, kenako n'kuwononga mizere yonse. Sipanala yolakwika nayo imadya mutu wa bawuti. Makaniko amene akugwira ntchitoyi ayenera kukhala ndi masipanala a mainchesi asanamasule chilichonse.

Njira yachinayi ndi kuitanitsa kunja. Ku Britain kuli amalonda amene adagula katundu wotsala wa asilikali, ndipo amasunga zipangizo zimene zidapangidwa kalekale koma sizidagwiritsidwepo ntchito. Ku South Africa kuli makampani amene amakonzanso ndi kugulitsa malole a SAMIL pamodzi ndi masipeya ake. Pano m'pamene buku la masipeya la lole limakhala lamtengo wapatali. Zipangizo za asilikali a ku Britain zili ndi nambala ya NATO ya madijiti 13, ndipo madijiti achisanu ndi achisanu n'chimodzi akakhala 99 ndiye kuti chipangizocho chidalembetsedwa ku Britain. Kutumiza nambala imeneyi, pamodzi ndi chithunzi cha chipangizo chakale chitagonekedwa pambali pa tepi yoyezera, kumachepetsa ngozi yolandira chinthu chosalowa patapita miyezi iwiri yodikira.

Katundu wopepuka amabwera pandege. Wolemera amadzera kumadoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kapena pamsewu kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kuchipata cha Mwanza, njira yomwe Amalawi okhala ku Joni amatumizira katundu kwawo. Pamtengo wa chipangizo pamawonjezeka ndalama zonyamulira, msonkho ndi malipiro a wothandiza kuombola katundu pachipata. Pamwamba pa zonsezi pali kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutanthauza kuti amene adawerengera mtengo wa ntchito yake zisanachitike izi adapeza kuti ndalama zake zafika theka la ulendo. Phunziro lake n'lakuti zipangizo zochokera kunja ziyenera kulembedwa zonse n'kuitanitsidwa nthawi imodzi, kumayambiriro kwa ntchito.

Zosayenera kugula zakale

Pali malo amene kuumira kumapha. Msewu wa M1 wochokera ku Blantyre umatsika phiri lokhotakhota, kuchoka pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kufika m'chigwa chimene chili pafupifupi mamita 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Lole yodzaza katundu imene mabuleki ake alephera pamtsetse umenewu siipereka mpata wachiwiri.

Mabuleki a malole ngati MK amagwiritsa ntchito mphepo ndi mafuta a mabuleki pamodzi. Lole ikagona zaka zambiri, maraba a m'masilinda a mabuleki amauma, mafuta amayamwa chinyezi n'kuchititsa dzimbiri m'kati mwa mapaipi, ndipo matanki a mphepo amadyeka kuchokera m'kati chifukwa cha madzi amene adatsalamo. Maraba onse, mapaipi opindika ndi mafuta ziyenera kukhala zatsopano, ngakhale zakalezo zikuoneka bwino. Raba imakalamba ngakhale ili pashelefu, choncho paketi imene yakhala m'nyumba yosungira katundu zaka 40 si yatsopano. Nsapato za mabuleki zakale zambiri zili ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo. Fumbi limeneli lisapemereredwe ndi mphepo, koma lipukutidwe ndi nsalu yonyowa.

Matayala nawo ndi chimodzimodzi. RL imavala matayala a 11.00-20 ndipo MK a 12.00-20. Tayala likhoza kukhala ndi mano athunthu koma litang'ambika m'mbali ndi ukalamba. Pa matayala opangidwa kuyambira chaka cha 2000 pamakhala madijiti anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene adapangidwa, ndipo wogula aziwerenga. Malimu a malolewa ndi a ziduswa, otsekedwa ndi mkombero wachitsulo. Mkomberowo ukakhala wadzimbiri kapena wosakhazikika bwino, umatha kuthamanga ndi mphamvu yoopsa pamene tayala likupopedwa. Ntchito imeneyi ndi ya odziwa, ndipo tayala lizipopedwa lili m'khola lachitsulo kapena litamangidwa unyolo.

Injini ndi kutentha kwa m'chigwa

Chilakolako cha wogula aliyense ndi kulumikiza batire n'kumva injini ikulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini imene yagona zaka imakhala youma m'kati, ndipo kuiliza mwadzidzidzi kumakanda masilinda ndi kuthyola maring'i. Ndondomeko yake ndi kukhetsa mafuta akale m'tanki n'kuitsuka, kusintha oyilo ndi masefa, kuthira oyilo pang'ono m'masilinda, n'kuizungulitsa ndi manja kufikira itamasuka. Kenako makaniko amayeza mphamvu ya silinda iliyonse kuti adziwe ngati injini ikufunika kuphwasulidwa yonse.

M'chigwa cha Shire kutentha kumadutsa madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Lole yokwawa pa giya yotsika mumchenga imagwira ntchito yolemetsa pamene mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa, choncho radiator, pampu ya madzi ndi fani ziyenera kukhala zangwiro. Palinso vuto limene wa mumzinda sangaliganizire: madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi mchere. Madzi oterewa akathiridwa mu radiator amadya chitsulo ndi kutseka timapaipi. Madzi amvula osefedwa, osakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndiwo oyenera.

Pa RL pamabuka funso la kusintha injini. Ya petulo imayenda makilomita atatu kapena anayi okha pa lita imodzi, ndipo ndi mitengo ya mafuta ya masiku ano, palibe bizinesi ya mpunga imene ingaipirire. Ambiri amachotsa n'kuikamo ya dizilo imene masipeya ake ali m'masitolo. Nzeru imeneyi ndi yabwino ngati injini yatsopanoyo ikugwirizana ndi gearbox, ngati mphamvu yake siiposa imene magiya ndi mashafiti akale angapirire, komanso ngati mabuleki aganiziridwa, popeza ena amadalira injini kuti agwire bwino. Kusinthako kuyeneranso kulembetsedwa ku Road Traffic kuti nambala ya injini igwirizane ndi mapepala.

Lole si bwato

Chikhulupiriro chakuti lole ya asilikali imaoloka paliponse chapha anthu m'mayiko ambiri. Malole ngati amenewa, popanda kuwakonzera mwapadera, amaoloka madzi osafika mita imodzi, ndiponso pamene pansi pali polimba. Madzi akalowa m'njira ya mpweya wa injini, mapisitoni amalephera kuwapanikiza ndipo zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Mtsinje wothamanga umakokolola mchenga pansi pa matayala, ndipo bodi yaitali ya lole imasanduka khoma limene madzi amakankha. Mwamphanzi kapena Livunzu akakwiya, lole nayo iyenera kudikira ngati wina aliyense.

Ntchito yake yeniyeni imayamba madzi akaphwa, m'masabata amene msewu umakhala wa matope, maenje ndi mchenga, makina okonza msewu asanafike. Ngakhale pamenepo, ikaoloka madzi, oyilo wa mu diff ndi mu transfer box ayenera kuonedwa. Akasanduka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa, ndipo asinthidwe tsiku lomwelo. Malo onse a girisi apopedwenso.

Ya chionetsero kapena ya ntchito?

Ku Ulaya, okonda galimoto zakale za asilikali amafuna kuti chilichonse chibwerere monga chidatulukira m'fakitale, kuyambira mtundu wa utoto mpaka zilembo za gulu la asilikali limene lidaigwiritsa ntchito. Lole yotere imayenda masiku ochepa pachaka, popita kuchionetsero. Kwa Makhuwira zolinga ndi zina. Magetsi amakono, alternator yatsopano ndi injini ya dizilo zimachotsako ulemerero wa mbiri, koma zimachititsa kuti lole ifike kumene ikupita.

Komabe mbiri isatayidwe mwachisawawa. Dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya usilikali, kuyambira gulu la King's African Rifles limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo gawo lake loyamba lidasanduka Malawi Rifles dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964. Lole imene mapepala ake akusonyeza kumene idatumikira ndi umboni wa mbiri imeneyo, monga momwe makina akale oimikidwa panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri ku Blantyre amachitira umboni za mbiri ya mtengatenga. Wosintha injini kapena zipangizo zina achita bwino kusunga zoyambirirazo pamalo ouma, pamodzi ndi kachitsulo ka nambala, m'malo mozigulitsa kwa ogula zitsulo.

Utoto ndiwo womaliza. Ndipo lole ya munthu wamba, imene izidutsa m'marodibuloko ndi kufupi ndi malire a dziko, ndi bwino ipakidwe mtundu wosafanana ndi wa galimoto za asilikali amene ali pantchito, zizindikiro zonse zakale zitafufutidwa, kupewa kusokoneza anthu ndi achitetezo.

Kuwerengera musanalipire

Amene akulingalira ntchitoyi akhale pansi ndi makaniko wake lole isanagulidwe, alembe zipangizo zonse zofunika, ndipo pambali pa chilichonse alembe kumene chipezeke: kusitolo ya mumzinda, pa lole yakufa, kwa mmisiri wa lathe, kapena kunja. Mndandanda wa zochokera kunja ukatalika kuposa inayo, kapena ukakhala ndi chipangizo chimene palibe akudziwa kochipeza, yankho lapezeka kale. Ayerekezenso mtengo wonsewo ndi wa thirakitala yokoka ngolo, imene nayo imadutsa m'matope, imalima m'nyengo yolima, ndipo masipeya ake ali ndi masitolo odziwika.

Aganizirenso za mtunda. Lole ikafa ku Livunzu m'mwezi wa Febuluwale, msewu wopita ku Limbe kukagula lamba wa fani ungakhale womwe uja waduka. Mwini lole ayenera kusunga kwawo komweko masefa, malamba, maraba a mabuleki, ma bearing a magudumu, mapaipi a madzi, oyilo ndi tayala lapadera mvula isanayambe, komanso kukhala ndi makaniko wa m'deralo amene adagwira nawo ntchito yoidzutsa kuyambira tsiku loyamba, kuti aidziwe m'kati ndi kunja. Gulu la alimi limene lagula lole mogwirizana liyenera kupatula gawo la ndalama za ulendo uliwonse kuti zikhale za masipeya, zisanagawidwe.

Zimene anthu a tsidya la kum'mawa kwa Shire akhala akupempha kwa zaka zambiri ndi msewu wolimba ndi milatho yopirira madzi, ndipo lole yakale siingalowe m'malo mwa zimenezi. Koma pamene akudikira, lole ya matani anayi imene mapepala ake ali bwino, mabuleki ake ndi atsopano, ndipo shelefu yake ya masipeya ndi yodzaza, ingathe kutulutsa matumba 80 a mpunga pa ulendo umodzi m'sabata imene palibe galimoto ina ikufika ku Nkhate.